Mowa wanga wa mbuu wasanduka tiyi m'botolo, ndalakwitsa pati?

Wowerenga wina watilembera motere:

"Ndine Mmalawi, ndimakhala ku Johannesburg. Mnzanga wa kuntchito anandilawitsa mowa uja amati hazy pale ale, wa mbuu ngati juwisi wa mango, wonunkhira magalagadeya. Ndinaukonda moti ndinagula poto wamkulu, thumba losefera, ndowa ndi chimera cha balere kuti ndizifulula ndekha. Ndafulula kawiri tsopano, malita 20 ulendo uliwonse. Ukakhala m'ndowa umaoneka bwino, fungo kudzaza galaja yonse. Pofuna kuti uchite mbuu kwambiri ndinathiramo masipuni angapo a ufa wa tirigu poto ali pamoto, monga ndinamvera kwa ena. Patatha masiku 6 ndinausefa pakansalu kuti ndichotse hops, maluwa aja opatsa mowa kuwawa ndi fungo, n'kuukhuthulira m'ndowa ina, kutakasiramo shuga, kenako m'mabotolo. Pano patha milungu iwiri, mowa wafiirira ngati tiyi, fungo lathawa, ukukanda pakhosi, ndipo mabotolo ena akungophulika thovu ndikatsegula. Mayi akunyumba akuti ndiutaye tingafe nawo. Kodi ndi poizoni? Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, mtima m'malo, ndipo alamu muwauze kuti palibe akufa. Mowa wofululidwa ndi chimera, madzi, hops ndi yisiti basi, umene unabwata pamoto ola lathunthu, sukhala poizoni ngakhale utaipa kakomedwe. Ukamaliza kuwira umakhala ndi ukali, kuwawasa pang'ono komanso hops, ndipo zitatuzi sizilola tizilombo todwalitsa munthu kuswana. Mantha a alamu ndikuwamvetsa. Mu 2020, boma la South Africa litaletsa kugulitsa mowa chifukwa cha Covid-19, makomo ambiri anayamba kufulula wa chinanazi ndipo nkhani za anthu odwala ndi mowa wopanga okha zinamveka. Koma ngozi zoterozo zimabwera munthu akathiramo sipiriti kapena mankhwala kuti mowa ukalipe, kapena akatcheza kachasu mosadziwa. Inu simunachite zimenezo.

Chimene chingakuvulazeni ndi mabotolowo. Musanawerenge zambiri, pitani mukawaike onse m'firiji, kapena m'katoni yotseka pamalo ozizira kumene ana safikako. Botolo limene likutulutsa thovu lokha ndiye kuti m'kati muli mpweya wopitirira muyeso, ndipo kukatentha galasi limaphulika ngati mfuti. Potsegula likulungeni m'thaulo, kukamwa kwake kuloze kutali ndi nkhope.

Tsopano za mtundu wa tiyiwo. Mowa wanu waphedwa ndi mpweya wa okosijeni, womwewu timapumawu. Mukadula peyala n'kulisiya patebulo limada, ndipo zimene zachitika m'botolo mwanu n'zapachibale ndi zimenezo. Mowa uliwonse umadana ndi mpweya ukamaliza kuwira, koma wa mbuu ndiye sapirira n'komwe, chifukwa wadzaza ndi mafuta onunkhira a hops komanso tinthu tina ta m'masamba ake totchedwa polyphenols, ndipo zonsezi mpweya ukangozikhudza zimasintha. Mtundu umachoka pa chikasu kupita ku kufiirira, nthawi zina kutuwa. Fungo la zipatso limasukuluka, m'malo mwake mumamva ngati katoni yonyowa kapena siwiti yakale.

Tawerengani nthawi zimene mowa wanu unakumana ndi mpweya. Pousefa pakansalu, dontho lililonse linadutsa mumpweya lili lokha. Poukhuthulira m'ndowa yachiwiri unagwa kuchita thovu. Potakasa shuga munaupakasa ngati phala. Pothira m'mabotolo, ngati munagwiritsa ntchito jagi ndi fanulo, unagwanso kachitatu, ndipo pamwamba pa botolo lililonse munatsekera kampweya kena. Mowa wakuda wa mtundu wa stout ukhoza kupirira zonsezi osaonetsa msanga. Uwu ayi. Ine ndinayesapo dala: mowa umodzi, tsiku limodzi, mabotolo ena ndinadzaza mpaka pakhosi, ena ndinasiya mpata wa zala zitatu. Patatha milungu itatu ndinathira m'matambula awiri n'kuwaika pawindo. Ina inali yachikasu, inayo ngati madzi otsukira mbale za nyemba. Munthu sakanavomera kuti zachokera m'ndowa imodzi.

Anthu amene anayambitsa mowa umenewu vutoli amalidziwa bwino. Unabadwira ku Vermont, kumpoto chakum'mawa kwa America, kumene John Kimmich wa kumalo ofululira mowa a The Alchemist m'tauni ya Waterbury ankafulula mowa wake wotchuka wa Heady Topper osausefa. Mu 2011 anayamba kuuika m'zitini, ndipo pachitini analembapo kuti umwedwe m'chitini momwemo. Makampani ena ofulula mowa monga Tree House ndi Trillium ku Massachusetts anautengera patali, mpaka mu 2018 bungwe la ofulula mowa ku America la Brewers Association linauvomereza kukhala mtundu wa mowa pawokha. Onsewa amasamutsa mowa m'mapayipi otsekeka, mothamangitsa okosijeni ndi carbon dioxide, mpweya uja umatuluka mowa ukamawira, n'kuugulitsa uli wozizira komanso wa masiku ochepa. Ife a m'galaja tilibe makina amenewo, choncho nzeru yathu n'kuchepetsa kuugwiragwira.

Ufa wa tirigu uja musadzathirenso. Ndikudziwa kumene maganizowo amachokera, makamaka kwa ife amene tinakula tikuona masese ndi Chibuku. Mbuu wa mowa wa kwathu ndi wa ufa weniweni ndi timisere ta chimanga kapena mapira, n'chifukwa chake paketi amayamba aigwedeza. Mbuu wa hazy ndi wina. Umabwera pamene mapuloteni a m'chimera, makamaka a tirigu ndi oats, agwirana ndi ma polyphenols a hops n'kupanga tinthu tating'ono kwambiri tosadikha, ndipo mtundu wa yisiti umathandizirapo. Kimmich sankafuna mbuu, ankafuna fungo, mbuuwo unangotsatira. Ufa wothira poto akubwata susanduka shuga chifukwa kutentha kwapha kale mphamvu ya chimera. Umangokhala sitachi imene yisiti yanu singadye, koma tizilombo towawasitsa mowa timaikonda, ndipo pakapita masiku imadikha n'kukhala matope pansi pa botolo. Pamene mowa uwu ukufanana ndi masese ndi pamodzi pokha: onsewa ndi omwa akadali atsopano, sasungidwa.

Kukanda pakhosi kuja ofulula amati hop burn. Ndi tizidutswa ta hops ndi yisiti yomata utomoni wake zimene zikadali kuyandama. Kansalu sikagwira tinthu tating'ono chotere. Chimene chimatigwetsa pansi ndi kuzizira ndi masiku angapo, ndipo mwina muona kuti mabotolo amene mwaika m'firiji aja pakatha sabata kukandako kwachepa. Mtundu ndi fungo zokha ndiye sizibwerera.

Za thovu lophulika, ndikukayikira masiku 6 aja. Yisiti inali isanamalize. Komanso hops othira m'ndowa osaphika ali ndi khalidwe limene ambiri salidziwa: ali ndi timichere totchedwa ma enzyme amene amaphwanya shuga wolimba amene yisiti inamulephera, n'kumusandutsa wodyeka, ndiye kuwira kumayambiranso mwakachetechete. Amati hop creep, ndipo akatswiri a ku Oregon State University anazifufuza n'kutsimikiza. Zikachitikira m'ndowa palibe vuto, mpweya umatuluka. Zikachitikira m'botolo lotseka, pamwamba pa shuga amene munathira, ndi zimene mukuonazi. Kuwerenga masiku kapena kuyang'ana thovu la pa airlock, kachipangizo ka pachivundikiro kotulutsira mpweya, sikukuuzani zoona. Gulani hydrometer, ndi kagalasi kotchipa koyezera shuga wotsala mu mowa. Muyeze lero, muyezenso pakatha masiku atatu, nambala ikakhala yomweyo ndiye kuti mowa wapsa.

Ndikanakhala m'galaja mwanu ulendo wachitatu, tikanachita motere.

Pa malita 20 tikanatenga makilogalamu 3.5 a chimera cha balere choyera chija amati pale malt, magalamu 600 a oats wophwatalala wophikira phala uja, ndi magalamu 500 a chimera cha tirigu. Zimenezi zimapereka nambala ya 1.050 kapena kuchepera pang'ono pa hydrometer musanathire yisiti, n'kutsika kufika cha m'ma 1.012, kutanthauza ukali wa pafupifupi 5 peresenti. Chimera chofiirira cha crystal chisiyeni pashelefu, chimadetsa mowa ndipo kutsekemera kwake kumaphimba hops. Kusitolo muwapemphe akuphwanyireni moti njere iliyonse isweke ngati misere, mankhusu akhalepo. Popeza mukugwiritsa ntchito thumba, ngakhale chitasalalako pang'ono sichitseka. Oats ndi tirigu zimanandetsa phala, ndiye likamavuta kukha, dzanja limodzi kapena awiri a mankhusu a mpunga otsuka amatsegula njira.

Madzi anthu amawanyozera, pamene ndiwo mowawo. A m'mpopi amakhala ndi chlorine, ndipo m'mizinda ina amathira chloramine amene sachoka ngakhale madziwo mutawagoneka usiku wonse. Akakumana ndi chimera ndi hops mowa umanunkha ngati pulasitala wa pabala. Theka la piritsi la ofulula lotchedwa Campden, lophwanya n'kusungunula m'madzi onse musanayambe, limathetsa zimenezi m'mphindi zochepa. Ndiye pali mchere uwiri umene amagulitsa m'masitolo a ofulula. Calcium chloride amachititsa mowa kumveka wofewa ndi wodzaza m'kamwa, gypsum amaumitsa ndi kunola kuwawa. Mowa wa mbuu umafuna woyambayo achuluke kuposa wachiwiri. Ngati madzi anu ndi opepuka, osasiya zoyera m'ketulo, magalamu 5 a calcium chloride ndi 2 a gypsum m'malita 28 ndi poyambira pabwino. Ngati ndi a pachitsime olemera, ndi bwino kuwasakaniza ndi osefedwa, apo ayi mowa umatuluka wokhakhala.

Tenthetsani malita 28 amenewo afike madigiri 70, ikani thumba, thirani chimera pang'onopang'ono mukutakasa kuti pasakhale mibulu. Kutentha kutsika kufika cha pa 67, ndipo pamenepo ndi pamene tikufuna. Vundikirani, kutani poto ndi bulangete, musiyeni ola limodzi. Madigiri amenewa si ongolota. M'chimera muli ma enzyme awiri osandutsa sitachi kukhala shuga. Wina amagwira bwino cha pa 63 ndipo amapanga shuga amene yisiti imadya yense, mowa n'kukhala wowuma ndi wopyapyala. Winayo amakonda cha pa 70 ndipo amasiya shuga wina wosadyeka amene amapatsa mowa thupi. Pa 67 onse awiri amagwira, koma thupi limatsala. Mukatsegula patatha ola, lawani. Madziwo atsekemere ngati thobwa labwino. Kwezani thumba, lisiyeni likhe, lifinyeni pang'ono.

Pobwatitsa kumbukirani kumene mukukhala. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo madzi kumeneko amabwata cha pa madigiri 94, osafika 100. Musadabwe ndi thermometer yanu, siyakufa. Chofunika n'chakuti poto abwate mwamphamvu ola lonse, wosavundikira, kuti nthunzi ichotse fungo lina la m'chimera longa chimanga chachiwisi chophika. Hops a pachiyambi akhale ochepa, magalamu 10 okha akwana. Hops akaphikidwa nthawi yaitali amasanduka kuwawa ndipo fungo limapita ndi nthunzi, pamene ife tikufuna fungolo. Mukazimitsa moto dikirani madzi atsike kufika pa 80, thiranimo magalamu 80 kapena 100, takasani kamodzi kuti azungulire, vundikirani mphindi 20. Kenako ziziritsani msanga, poto m'bafa la madzi ozizira ndi ayezi, mpaka pa 19. Kuyambira pamenepa chilichonse chokhudza mowa chikhale chotsukidwa ndi mankhwala ophera tizilombo: ndowa, chivundikiro, supuni, ngakhale lumo lodulira paketi ya yisiti. Apa pokha, musanathire yisiti, ndi pamene mpweya uli wabwino. Khuthulirani m'ndowa mwaphokoso, yisiti imaufuna kuti iswane. Ikangoyamba ntchito, chitseko chatsekedwa.

Za hops enieniwo, otchuka pa mowa umenewu ndi Citra ndi Mosaic a ku chigwa cha Yakima ku America, Galaxy wa ku Australia ndi Nelson Sauvin wa ku New Zealand. Ndi okoma koma mtengo wake umaluma. Inu muli ndi mwayi chifukwa hops amalimidwa m'dziko momwemo, ku George m'chigawo cha Western Cape, ndipo mitundu ya African Queen ndi Southern Passion ili ndi fungo la zipatso loyenera mowa uwu. Ine ndingasankhe hops a ku George a chaka chino kusiyana ndi Citra amene wakhala pashelefu yotentha zaka ziwiri. Paja tsabola wakale sawawa. Funsani chaka chimene anakololedwa, gulani a m'paketi yotsekedwa mopanda mpweya yochokera m'firiji, ndipo kunyumba akhale mufiriza. Mukatsegula nunkhizani. Akamveka ngati tchizi kapena sokosi, atayeni.

Yisiti sankhani ya mtundu wa ku England imene imasiya kafungo ka zipatso. Yamadzi yotchuka ndi London Ale III, koma youma monga Verdant IPA imayenda bwino ndipo siivuta kusunga. Imafuna madigiri 18 mpaka 20 masiku oyamba, n'kukwera kufika 22 chakumapeto. Dziwani kuti m'kati mwa ndowa mumatentha madigiri awiri kapena atatu kuposa panja yisiti ikakhala pakalikiliki. Galaja ya malata mu Disembala ndi ng'anjo, ndipo mowa wowira motentha umatuluka wonunkha sipiriti ndi wopweteka mutu. Ikani ndowa m'beseni la madzi, ivekeni malaya akale onyowa amene m'munsi mwake mwaviikidwa m'madzimo, muzisinthanitsa mabotolo a madzi oundana m'mawa ndi madzulo. Zimenezi zimagwira ngakhale magetsi atazima. Ngati kutentha kwakukanikani, pali yisiti ya alimi a ku Norway yotchedwa kveik. Mtundu wa Voss umawira mosangalala pa madigiri 30 mpaka 38 ndipo umapatsa kafungo ka lalanje.

Pofika pothira hops a m'ndowa, amene amati dry hop, ndi pamene pagona fungo lonse ndipo ndi pamenenso mpweya umalowera. Magalamu 120 mpaka 150 akwana pa malita 20. Kupitirira magalamu 8 pa lita fungo silionjezekera kwenikweni, chimene chimachuluka ndi kukanda ndi kakomedwe ka udzu. Njira yosavuta ndi kuthira tsiku lachitatu, yisiti ikadali yamphamvu, chifukwa kampweya kolowa potsegula imakadya yokha. Tsegulani pang'ono, khuthulani, tsekani, osayamba kusuzumira ndi kujambula. Njira imene ndimaikonda ine ndi ya maginito. Tsiku lofulula lomwelo ndimaika hops m'kathumba kowiritsa, momasuka chifukwa amafufuma, pamodzi ndi maginito okutidwa m'pulasitiki ya zakudya. Kathumbako ndimakamatiza kunsi kwa chivundikiro ndi maginito ena ali kunja. Kamakhala lende pamwamba pa mowa, m'mpweya wa yisiti. Tsiku likakwana ndimangochotsa a kunjawo, n'kumva kuti phava m'kati, ndowa osatsegula.

Ndowa yachiwiri iiwaleni. Mowa ukhale mmene munauikamo mpaka hydrometer itaima, kawirikawiri masiku 10 mpaka 14, ndipo kuti muyeze muzitapa pa kampopi ka m'munsi. Nunkhizaninso zimene mwatapazo: zikamveka batala kapena majarini, yisiti ikadali ndi zoti ikonze, ipatseni masiku ena atatu pamalo ofundirako. Kenako ziziritsani ndowa masiku awiri kuti zinyalala zidikhe. Chenjerani apa, mowa ukamazizira ndowa imakoka mpweya wa panja kudzera pa airlock. Ena amamangirira baluni pakabowo masiku otsiriza a kuwira kuti idzaze carbon dioxide, ndiye pozizira ndowa imakoka yomweyo.

Pothira m'mabotolo, shuga apite m'botolo lililonse payekha, osati m'ndowa. Magalamu 5 pa lita: botolo la 750 ml magalamu osakwana 4, la 500 ml magalamu 2.5. Yezani pasikelo, supuni imanama. Lumikizani kapayipi ku mpopi wa ndowa kafike pansi penipeni pa botolo, mowa uzikwera wokha mwakachetechete popanda thovu. Dzazani mpaka patsale sentimita imodzi, tsekani pompo. Mabotolo akhale abulawuni, chifukwa kuwala kukalowa m'obiriwira kapena oyera hops amanunkha ngati kanyimbi. Kwa woyamba kumene ndimalimbikitsa mabotolo apulasitiki opangira zakumwa za gasi: mumalifinya mpaka mowa ufike pakamwa n'kutseka lili lofinyika, mpweya wonse watuluka, ndipo likalimba ngati mwala mwadziwa kuti gasi wakwana. Asungeni pa madigiri 20 mpaka 22 kwa sabata imodzi kapena masiku 10, kenako onse m'firiji. Mumwe usanathe mwezi. Ngati malita 20 simungamalize m'nthawi imeneyo ndi anzanu, fululani 10, zonse mugawe pakati. Mukadzakhala ndi ndalama, keg, kamgolo kachitsulo kotsekeka kosungiramo mowa, ndi silinda ya carbon dioxide ndiye mankhwala enieni a vutoli, koma musathamangire, mabotolo osamalidwa amatulutsa mowa wabwino.

Pali zina zimene mukaziona musalimbane nazo nokha. Pamwamba pa mowa pakamera nkhungu yaubweya, yobiriwira, yakuda kapena yapinki, tayani ndowa yonse osalawa. Chimera chimene chagwira chuku kapena chikununkha chinyontho musafululire, poizoni wa chuku safa ndi moto. Mowa ukamawawasa ngati viniga kapena kukhala ndi kachikopa koyera pamwamba ulendo ndi ulendo ngakhale mukutsuka, tizilombo tabisala m'mikwingwirima ya ndowa kapena m'kampopi, ndipo zapulasitikizo zisinthidwe. Tengani botolo limodzi mupite nalo kusitolo kumene mumagula chimera kapena ku kalabu ya ofulula, kuchigawo chanu cha Gauteng ziliko. Munthu wozolowera akangonunkhiza amakuuzani zimene ine sindingathe kuziona m'kalata. Wina akamwa n'kutupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika, apite kuchipatala msanga, chifukwa alipo amene thupi lawo limadana ndi tirigu, balere kapena mankhwala a mu Campden. Ngati muli pa mankhwala a shuga, a BP, a TB kapena ma ARV, funsani adokotala musanamwe, pakuti kufulula nokha sikuchotsa ukali. Ndipo mukadzafuna kugulitsa, yambani mwatenga chilolezo.

Ngati pakhomo pali galu, hops otsala m'poto ndi m'ndowa musawataye pamene angafike, ngakhale pa kompositi. Kwa agalu ndi poizoni weniweni, thupi limatentha modzidzimutsa ndipo akhoza kufa m'maola ochepa. Mukamuona wadya, akupuma mwawefuwefu, thamangani naye kwa dokotala wa ziweto. Gaga wa chimera wotsala m'thumba yekha ndiye ndi wabwino, nkhuku zimamukonda.

Mowa umene muli nawowu, ukazizira sabata, lawani botolo limodzi. Ngati ukungomveka wosukuluka popanda kuwawasa, umwedwa, kapena muphikire nyama ya ng'ombe. Koma botolo limodzi mulisunge m'firiji mulembepo tsiku, kuti mukafulula wachitatu mudzathire matambula awiri n'kuwaika pawindo, alamu aone nawo.